Funsani za Kamera: Kodi Lamba Wapadzanja Angapumitse Khosi Langa?

FUNSO: Bambo, ine ndimajambula zithunzi pamaukwati ndi pamisonkhano. Kamera yanga ndi Canon EOS 5D Mark IV ndipo nthawi zambiri ndimaikapo lenzi ya 70-200mm f/2.8. Pofika madzulo khosi limakhala litauma gwa chifukwa cha lamba amene anabwera ndi kamerayo. Mnzanga akuti ndigule lamba wapadzanja. Kodi angandithandizedi? Nanga ndisankhe wotani? Ndine mayi wojambula pamaukwati.

YANKHO: Mayi, khosi lanulo silikunama ayi. Kamera mwatchulayo imalemera pafupifupi magalamu 890 batire ndi khadi zili m'kati, ndipo lenziyo payokha imafika pafupifupi makilogalamu 1.5. Ndiye kuti tsiku lonse mumakoleka katundu woposa makilogalamu 2 pakalamba kopyapyala. Aliyense angamve kuwawa.

Musanagule, dziwani kuti pali malamba awiri amene anthu amawasokoneza. Wina ndi kachingwe kozungulira pamfundo ya dzanja, monga Peak Design Cuff. Ameneyu ntchito yake ndi imodzi basi, kuwakha kamera ikakupulumukani. Lamba wapadzanja weniweni amamangidwa malo awiri, pamwamba pomwe pamalowa lamba wapakhosi, ndi pansi pa kamera, ndipo amadutsa kumbuyo kwa chikhatho n'kukanikiza dzanja ku chogwirira. Canon E2, Nikon AH-4, Peak Design Clutch ndi SpiderPro ndi amtundu umenewu. Mnzanuyo ayenera kuti akunena ameneyu.

Ineyo ndimamukonda kwambiri lamba wotereyu, ndipo chimene ndimamukondera ndi chakuti amapumitsa zala. Popanda iye zala zimafinya chogwirira nthawi yonse kuopa kugwetsa kamera, ndipo dzanja lotopa limayamba kunjenjemera, zithunzi n'kumatuluka zosaoneka bwino. Ndi lambayu mungathe kumasula zala kamera ili chikhalire m'dzanja, yokonzeka kukwezedwa pamene mkwatibwi watembenuka mwadzidzidzi.

Koma ndikuuzeni mosabisa, kulemera sikuchoka. Kumangosamuka kuchoka pakhosi kupita pamfundo ya dzanja lamanja, ndipo mfundoyi siichedwa kutopa. Ndi lenzi yanu ya 70-200mm, dzanja lamanzere ndilo liyenera kusenza katunduyo, chikhatho chitayang'ana kumwamba pansi pa lenzi, zigongono mutazipanikiza kunthiti. Mukamayenda mutalendewetsa zonsezo ndi dzanja limodzi, mudzandilemberanso kalata yodandaula za mkono. Choncho kwa inu ndinganene kuti gulani lamba wapadzanja, koma pambali pake pakhale lamba wotakata wodutsa paphewa ndi pachifuwa, woti kamera izipumira m'chiuno pa nthawi ya zolankhula zazitali. Mukaika lenzi yopepuka monga 50mm, wapadzanja yekha akukwanirani.

Posankha, yambani mwayang'ana kachitsulo kogwirizira lambayo pansi pa kamera, poti anthu ambiri amangoona kukongola kwa chikopa n'kuiwala kameneka. Kamamangidwa m'bowo la tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) ndi sikuluwu ya muyezo wa 1/4-20, womwe uli pamakamera pafupifupi onse a masiku ano, kotero kulowa kalowa ndithu. Nkhani ili pa zina. Kodi mukakamanga, kachitseko ka batire kakutsekukabe? Pamakamera ang'onoang'ono bowolo limakhala pafupi ndi kachitsekoko, ndipo n'zowawa kumasula sikuluwu pakati pa mwambo kuti musinthe batire. Kodi kali ndi labala pamwamba woti kasamazungulire? Nanga mukafuna kuika kamera pa tripod, muyenera kukachotsa? Ngati mutu wa tripod yanu ndi wa mtundu wa Arca-Swiss, funani kachitsulo kolowa momwemo.

Kenako khudzani lambayo. Akhale wotakata pamene akukhudza khungu, wofewa m'mphepete, ndiponso wotheka kumanga ndi kumasula ndi dzanja lamanzere lokha. Chikopa chimafewa n'kuzolowera dzanja la mwini wake, koma chikamwa thukuta chimachedwa kuuma. Malamba ansalu yolimba okhala ndi siponji m'kati amauma msanga ndipo amachapika.

Pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa kamangidwe, chifukwa lamba wabwino womangidwa molakwika amasanduka chopinga. Khalani pabedi, kamera ili pamwamba pa matiresi. Masulani lamba kotheratu, lowetsani zala zinayi, chala chachikulu chitsale kunja kumbuyo kwa kamera. Ikani chala chamkombaphala pabatani lojambulira. Tsopano kokani lamba pang'onopang'ono mpaka agwire kumbuyo kwa chikhatho, kuseri kwa mfundo za zala. Osasuntha dzanja, yesani kupukusa kagudumu kapamwamba ndi chamkombaphala, kenako fikirani batani la AF-ON (lakumbuyo, lolunjikitsira lenzi kuti chithunzi chioneke bwino) ndi kagudumu kakumbuyo ndi chala chachikulu. Ngati chala chikukakamira kuti chifike, mwamangitsa. Mukatero tambasulani zala zonse, dzanja litaloza pansi. Kamera ikayamba kutsetsereka, ndiye kuti ndi wokhwepa. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pali muyezo wa dzanja lanu. Zala zikachita dzanzi kapena pakhungu pakatsala mzere wakuya, masulani msanga, musapirire.

Sikuluwu ija imakhwepa yokha chifukwa chogwedezeka. Musanatuluke m'nyumba tsiku lililonse la ntchito, imangeni ndi ndalama yachitsulo kapena kakiyi kake mpaka igwire, osachita kukakamiza. Yang'ananinso pamene lamba akukhuzana ndi chitsulo chapamwamba. Ulusi ukayamba kunyenyeka, sinthani lambayo tsiku lomwelo.

Pali zinanso zoti muzolowere. Dzanja lamanja limakhala ngati lamangidwa, kotero posintha lenzi kapena khadi muyenera kuyamba mwalitulutsa. Ngati muli ndi battery grip ya BG-E20 (chogwirira choonjezera chosunga mabatire, chomangidwa pansi pa kamera), batani lake lojambulira zithunzi zoimirira simungalifikire dzanja lili mu lamba. Ndipo chonde, pokwera masitepe kapena poyenda chobwerera m'mbuyo patsogolo pa akwati, kumbukirani kuti mukapunthwa dzanjalo silikutchinjirizani. Ine pamalo oterowo ndimatulutsa dzanja n'kusiya kamera palamba wapaphewa.

FUNSO: Achimwene, ine ndili ndi Sony a6400 yojambulira ana anga ndi malo amene ndayenda. Kodi nanenso ndikufunika lamba wotereyu? Ndine bambo wa ana atatu.

YANKHO: Achimwene, sindikuona chifukwa. Kamera yanu imalemera pafupifupi magalamu 400 okha, ndipo pakathupi kakang'ono chotero malamba ambiri apadzanja amakankhira chala chamkombaphala kutali ndi batani, chifukwa anapangidwira makamera akuluakulu a mtundu wa DSLR, monga Canon ya mayi aja. Alipo opangidwira makamera ang'ono, monga Peak Design Micro Clutch, koma pa ntchito yanuyo kachingwe kapamfundo ya dzanja n'kokwanira. Sankhani kamene kamadzimanga kokha kamera ikagwa, ndipo onetsetsani kuti timphete tachitsulo ta m'mbali mwa kamera sitinatambasuke. Mwana akapempha kuti ajambuleko, yambani mwamuveka kachingweko ndi kukachepetsa molingana ndi kadzanja kake musanamupatse kamera.