Kodi khalidwe la munthu ndi limene limasankha amene adzaiwale akakalamba?

Mayi wina watumiza imelo yaifupi. Amayi awo, a zaka 68, ndi munthu wankhawa chiyambire, osachedwanso kupsa mtima, pomwe akulu a amayi awowo, a zaka 79, ndi munthu wadongosolo ndipo mutu ukugwirabe bwinobwino. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi amayi anga ndiye kuti basi adzayamba kuiwalaiwala?"

Mayi, khalidwe lili ndi mbali yake, ndipo umboni ulipo. Mu 1994 ofufuza a pa yunivesite ya Rush ku Chicago anayamba kutsatira masisitere, ansembe ndi abulaza achikatolika okalamba, kumawayeza chaka ndi chaka. Mu 2007 a Robert Wilson ndi anzawo anatulutsa zotsatira za anthu 997 amene anawatsatira mpaka zaka 12, ndipo 176 mwa iwo anadwala matenda oiwalaiwala otchedwa Alzheimer's. Anthu amene anali pamwamba penipeni pa khalidwe lochita zinthu mwadongosolo, kusunga lonjezo ndi kumaliza chimene ayamba, chiopsezo chawo chinali chotsika ndi 89 peresenti poyerekeza ndi amene anali pansi penipeni. Ofufuza omwewo anali atapezanso mu 2003 kuti anthu osachedwa kuvutika mtima anali pa chiopsezo chowirikiza kawiri.

Nambalazi zisakuopseni. Zikuyerekeza anthu a kunsonga ziwiri, pomwe ambirife tili pakatikati. Chinanso, atapima ubongo wa amene anamwalira, anapeza kuti kuchuluka kwa zinthu zimene zimaunjikana mu ubongo wa odwala Alzheimer's sikunkatsata khalidwe. Wadongosolo uja ubongo wake unkatha kukhala ndi zizindikiro zomwezo, kungoti iye ankapirira nazo kwa nthawi yaitali. Komanso matendawa amayamba mwakachetechete zaka 10 kapena kuposa munthu asanaonekere kuti akuiwala, choncho nkhawa zina zingakhale chizindikiro choyambirira, osati gwero.

Ine ndikuona kuti gawo lalikulu la nkhaniyi lili m'zochita za tsiku ndi tsiku. Munthu wadongosolo amamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse, amapita ku sikelo yake pa tsiku limene analembedwa, sachulutsa mowa. Wankhawa sagona mokwanira, amathawa anthu, ndipo sachedwa kugwa m'matenda ovutika maganizo. N'chifukwa chake zimandinyansa kumva ana akuuza kholo kuti "musamadandaule". Mawu amenewo sanachizepo munthu. Khalidwe la zaka 68 simungalisinthe ndi ulaliki, koma dongosolo mungathe kuwabwereka, inuyo n'kukhala amene mumakumbukira masiku ndi mankhwala. Gulu la akatswiri la magazini ya Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalaiwala ikukhudzana ndi zinthu 14 zimene zingathe kusinthidwa, ndipo pa mndandandawo pali BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kusamva, kusaona bwino, utsi ndi kukhala wekha.

Pali china chimene ndikufuna muchigwire kuposa zonsezi. Musamayang'ane kwambiri kuti amayi ali ndi khalidwe lotani. Muziyang'ana ngati khalidwelo lasintha. Wankhawa chiyambire akupitiriza nkhawa zake, palibe chachilendo. Koma munthu wofatsa akayamba kutukwana, waukhondo akaleka kusamba, kapena akayamba kunena kuti mpongozi akuwabera ndalama zimene abisa okha, pamenepo m'pofunika dokotala. Kwathu kuno agogo otere, makamaka akapezeka akuyenda usiku atasochera, amatchedwa mfiti, ena mpaka kumenyedwa. Ameneyo ndi wodwala, ndipo amene akumuloza chala akungoonetsa umbuli wawo.

Zoti muchite

Ayezetseni BP pafupipafupi n'kumalembetsa m'buku lawo la kuchipatala. Ikamafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, m'pofunika chithandizo. Vuto lofala ndi kusiya mankhwala mutu ukaleka kuwawa. BP imakweranso osamveka, n'kumawononga timitsempha ta mu ubongo. Mangirirani mapiritsi ku tiyi wa m'mawa kuti asamadalire kukumbukira. Mchere usafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo ndi m'nsomba zouma zothira mchere. Aziyenda ndawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata. Makutu ndi maso akayezedwe, chifukwa wosamva bwino amasiya kucheza, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Aziphikira pamalo popita mphepo. Asasiye Mvano, kwaya kapena banki mkhonde, ngakhale atamati anthu amawatopetsa.

Akasokonezeka mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, musati ndi ukalamba. Kawirikawiri amakhala matenda a m'njira ya mkodzo, malungo, chibayo, kutsika kwa shuga kapena mankhwala atsopano, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati kusinthako kwatenga miyezi, pemphani kuti awayeze vitamini B12, chithokomiro, shuga, HIV ndi chindoko, komanso awafunse za matenda ovutika maganizo. Popita, nyamulani mankhwala onse amene akumwa, ndi azitsamba omwe, pamodzi ndi pepala lolembapo mwezi umene munayamba kuona kusintha ndi zitsanzo zitatu kapena zinayi za zimene anachita.