Yankho kwa amalume pa za gombe lakale la Thames

Amalume, ndamva funso lanu loti n'chifukwa chiyani msewu wa Lower Thames Street wa mumzinda wa London, womwe uli pachithunzi chimene ndinatumiza dzulo, umatchedwa dzina la mtsinje pomwe madzi sakuoneka n'komwe. Kalelo madzi ankafika pamenepo ndithu, koma gombe ndi lomwe linasuntha.

Aroma atalowa ku Britain m'chaka cha 43 AD, anapeza mtsinje wa Thames uli wotambalala kwambiri kuposa lero. Tsidya la kumwera, komwe tsopano kuli Southwark, kunali dambo lamatope lomwe linkamira nyanja ikadzaza, koma mkati mwake munali tizilumba tamchenga touma. Tsidya la kumpoto kunali zitunda ziwiri, Cornhill ndi Ludgate Hill, ndipo pakati pake pankadutsa kamtsinje ka Walbrook, kamene lero kanakwiririka pansi pa misewu. Aroma anayala msewu wodutsa pa tizilumbato mpaka pomwe mtsinje unali wopapatiza, n'kumanga mlatho, ndipo mzinda wa Londinium, womwe lero ndi London, unamera pamutu pa mlathowo cha m'ma 47 mpaka 50. Ankhondo a Boudica, mfumukazi ya ku Britain imene inaukira Aroma, atauwotcha cha m'ma 60, Aroma anaumanganso pomwepo, pakuti powolokera pabwino panali pomwepo basi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya madoko. Patapita zaka, madzi a mumtsinjewo anayamba kutsika pang'onopang'ono, moti ngalawa zobweretsa vinyo, mafuta a olivi ndi mbiya zinkavutika kukocheza padoko lakale. M'malo mothawa, anthuwo ankamanga doko lina la mitengo ikuluikulu ya oak kutsogolo kwa lakalelo, ndipo mpata wapakati ankaukwirira ndi dothi, zinyalala ndi mapale, kenako n'kumangapo nyumba zosungiramo katundu. Anachita zimenezi kangapo, mibadwo yam'tsogolo n'kupitiriza, mpaka gombe linasuntha pafupifupi mamita 100 kulowera kumwera.

Pakhonde la tchalitchi cha St Magnus the Martyr, chomwe chili m'mbali mwa msewu womwewo, anaikapo chipika chimodzi cha doko la Aroma, chakuda bii ndi chong'alukang'aluka, ndipo chikwangwani chake chimati n'cha m'chaka cha 75. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, magalimoto akudutsa kumbuyo kwanga pomwe kale pankakocheza ngalawa. Mukadzabwera, amalume, ndidzakutengerani kuti mukachione ndi maso anu.