Kuganiza kunayamba, kulankhula kunachita kutsatira

Achimwene mwafunsa kuti chinayamba n'chiyani pakati pa kuganiza ndi kulankhula, ndiye ndikuona ambiri muno akuti popanda mawu munthu sangaganize. Ine pamenepo ndikukana.

Amene munadwazikapo munthu wa sitiroko ku Queens mukudziwa, ena mawu amawathawiratu koma mkazi wawo akumuzindikira, muwapatse chenje choperewera muone mmene akukuyang'anirani. Dokotala wa ku France Paul Broca anaziona izi mu 1861, anali ndi wodwala amene ankangoti "tan, tan" basi koma zomuuza ankamva, atamwalira anapeza kuti ubongo unawonongeka kumanzere chakutsogolo.

Nde zoti chilankhulo chinayamba liti akatswiri mpaka pano amakangana poti mawu sasiya mafupa. Anthu ngati ifeyo tilipo zaka pafupifupi 300,000 pomwe kulemba kwabwera dzanadzanali, zaka 5,000 zapitazo ku Mesopotamia. Chibwano cha munthu wakalekale chimene anafukula ku Uraha, Karonga mu 1991 ndi cha zaka zoposa 2 miliyoni koma fupa silingakuuzeni kuti mwini wake ankacheza bwanji ndi anzake.

Apusi a ku Amboseli ku Kenya ali ndi kulira kosiyanasiyana, kwa kambuku onse amathawira mumtengo, kwa chiwombankhanga amayang'ana kumwamba n'kulowa m'zitsamba, kwa njoka amaima ndi miyendo iwiri kusuzumira mu udzu. Nzeru zimenezo! Koma pusi sangakhale pansi kufotokozera mnzake za kambuku wa dzulo kapena zimene akufuna kuchita mawa, apa ndi pomwe ife tinawasiya.

Imene imandigometsa ine ndi ya ku Nicaragua. Ana osamva anawasonkhanitsa pa sukulu ku Managua kuyambira 1977, aphunzitsi ali kalikiliki kuwaphunzitsa kuwerenga milomo zosatheka, koma anawo panja posewera komanso m'basi anayamba kupanga chilankhulo chawochawo cha manja, ndipo tiana tobwera pambuyo ndi timene tinachikonza mpaka kukhala ndi malamulo ake. Palibe wamkulu anawaphunzitsa, zonena anali nazo kale m'mutu, ankangosowa womuuza.

Pokhapo pa masamu ndi pomwe ndikuvomerezana nanu anzanga a mawu. Anthu a mtundu wa Pirahã ku Brazil alibe mawu enieni owerengera zinthu, ndiye mukawaonetsa zinthu 8 kapena 9 n'kuzibisa kuti aike zofanana nazo amaphonya, pomwe mwana wa standade 1 pa Ndirande amangowerenga m'kamwa n'kupeza.