Kodi bambo anga adzapuma bwanji powaunika m'mimba ali mtulo?

Funso: Bambo anga akhala akuvutika kumeza chakudya, ndipo madokotala akuti adzawapatsa mankhwala ogonetsa kenako n'kuwalowetsa kapaipi ka kamera kukamwa kuti aunike m'mimba. Iwo ndi onenepa ndipo amaliza mkonono kwambiri usiku. Kodi sadzabanika kapaipiko kali pakhosi? Wowerenga wa ku Balaka.

Yankho: Nkhawa yanu ndi yomveka, koma kapaipi ka kamera sikatseka mpweya, chifukwa kamadutsa m'njira ya chakudya, pomwe mpweya uli ndi njira yakeyake yopita kumapapo. Chimene achipatala amasamala nacho kwambiri ndi mankhwala ogonetsawo, monga midazolam ndi propofol, amene amachedwetsa kupuma ndi kufooketsa minofu ya kukhosi mpaka lilime kugwera kumbuyo. Kwa munthu wonenepa woliza mkonono, monga bambo anu, zimenezi zimachitika msanga kuposa kwa ena, ndipo mwachita bwino kuzitchula.

Odwala amagonekedwa chammbali, kumanzere, kuti malovu azituluka kukamwa m'malo molowa m'mapapo. Pakati pa mano amaikapo kapulasitiki kobowola pakati, koteteza mano ndi kamera, m'mphuno amaikamo timachubu ta okosijeni, ndipo pachala amapanapo kachipangizo kosonyeza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Lilime likagwa, nthawi zambiri kukweza chibwano ndi kukankhira nsagwada kutsogolo kumakwanira. Zikapanda kutheka, amalowetsa kachubu kofewa kamphira m'mphuno mpaka kuseri kwa lilime, komwe kali ndi ubwino wakuti kamasiya m'kamwa muli mpata wa kamera.

Palinso chipangizo china chothandiza munthu kupuma atagonetsedwa, chotchedwa laryngeal mask, chimene dokotala wa ku Britain, Archie Brain, anayamba kupanga mu 1981. Chimakhala pamwamba pa kholingo, pomwe njira ya mpweya imayambira, osalowa m'kati mwake, ndipo masiku ano pali mtundu wina, LMA Gastro, wokhala ndi njira ziwiri, ina ya mpweya ina ya kamera. Si chipatala chilichonse chomwe chili nacho, ndipo kusowa kwake sikutanthauza kuti bambo anu ali pangozi.

Chitetezo chachikulu kuposa zonsezi ndi chubu cholowa m'kholingo mwenimweni, chomwe chili ndi kabaluni kumapeto kotsekereza kuti masanzi kapena magazi asafike m'mapapo. Chimafuna kuti odwala agonetsedwe kotheratu, choncho amachisungira anthu monga osanza magazi ambiri, kapena amene njira yawo ya chakudya yatsekeka moti zakudya zimatsakamira. Mfundo yomalizayi ikhoza kukhudza bambo anu, ndipo n'chifukwa chake ndikukulimbikitsani kuti mukaonane ndi wogonetsa odwala tsikulo lisanafike. Mukamuuze za mkonono, ngati bambo amasiya kupuma kwa kanthawi ali mtulo, ngati chakudya chimabwerera akadya, mankhwala amene amamwa, ndiponso mano ogwedera kapena oikirira. Mukafunsenso ngati n'kotheka kungowapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, popeza anthu ambiri amaunikidwa ali maso ndipo ntchitoyi imatenga mphindi zochepa chabe.

Asadye kanthu kwa maola 6 kapena kupitirira apo malinga ndi malangizo a chipatala, ndipo pakhale wowaperekeza pobwerera. Chonde musazengereze, pakuti khansa ya kum'mero ndi yofala kuno ku Malawi, ndipo kuvutika kumeza kumafunika kuunikidwa mwamsanga.