Yambani mwadziwa kumene digiriyo mudzagwire nayo ntchito

Mayi, mwafunsa ngati n'zotheka kuchita digiri ya udokotala pa maphunziro a zaumulungu a Chikatolika muli kwanu konko, osasiya ntchito yauphunzitsi ndi banja, popeza Masters muli nayo kale. N'zotheka ndithu, koma musanapereke ndalama kusukulu iliyonse dziwani kuti madigiriwa alipo a mitundu iwiri, ndipo umene umapezeka mosavuta kwa munthu wophunzirira kutali si umene Mpingo umafuna pa ntchito zake zina.

Mtundu woyamba ndi digiri ya udokotala ya Mpingo, yotchedwa STD, imene amapereka ndi masukulu okhawo ovomerezedwa ndi likulu la Mpingo ku Roma, potsata chikalata cha Veritatis Gaudium chimene Papa Francis adasaina mu 2017 kulowa m'malo mwa Sapientia Christiana cha mu 1979. Munthu amayamba ndi digiri yoyamba yotchedwa STB, imene imatenga zaka zisanu kuphatikizapo ziwiri za filosofi, kenaka digiri yachiwiri yotchedwa STL ya zaka ziwiri, ndipo pokhapo ndi pamene amaloledwa kuyamba udokotala. Masters ya kuyunivesite wamba nthawi zambiri siilowa m'malo mwa STL, ngakhale mutakhoza bwino chotani. Amafunanso kuti muziwerenga Chilatini, ndipo amene akuzama pa Baibulo sangathawe Chigriki ndi Chiheberi. Mu 2021 ku Roma adatulutsa malangizo olola kuphunzira kudzera pa intaneti, koma adalola mbali ina chabe ya maphunzirowo, motero mukasankha yunivesite ya Gregoriana kapena ya Urbaniana ku Roma, ngakhalenso yunivesite ya CUEA ku Nairobi, imene ndi ya AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, yembekezerani kuti padzakhala nthawi yoti mukakhale komweko.

Mtundu wachiwiri ndi PhD wamba, ndipo ndi umene ukugwirizana ndi moyo wanu. Yunivesite ya UNISA ya ku Pretoria idazolowera kale kuphunzitsa anthu ali kwawo, ngakhale kuti si ya Katolika. St Augustine College ku Johannesburg ndi ya Katolika. Kunonso kwathu University of Malawi ku Zomba ndi Mzuzu University ali ndi nthambi za maphunziro a zaumulungu ndi zipembedzo. Kusiyana kwake kumaonekera pa ntchito. Lamulo la Mpingo nambala 253 limati wophunzitsa zaumulungu m'seminale, monga ya St Peter's ku Zomba, akhale ndi STL kapena udokotala wochokera kusukulu yozindikiridwa ndi Roma, pamene kuyunivesite PhD imakwanira, kungoti lamulo nambala 812 limafuna kuti wophunzitsa phunziroli pa sukulu yaukachenjede ya Katolika alandire chilolezo kwa akuluakulu a Mpingo. Choncho kambiranani ndi ambuye episkopi a dayosizi yanu pachiyambi pomwe, ndipo ngati sukuluyo ndi yakunja funsani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro aukachenjede m'dziko muno, ngati digiri yake imazindikiridwa kuno.

Chimene chimagwetsa ambiri ophunzirira kutali, mmene ine ndimaonera, ndi mutu wa kafukufuku. Munthu amene amaphunzitsa masana n'kumawerenga usiku akasankha kulemba za Thomas Aquinas, katswiri wakale wa zaumulungu wa ku Ulaya, amapezeka akupikisana ndi anzake okhala pafupi ndi malaibulale akuluakulu a ku Ulaya, iye mabuku akudikira kuti wina amujambulire pa foni. Koma mbiri ya Mpingo kuno, kuyambira pamene a Montfort adafika ku Nzama mu 1901 ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, nkhani ya miphakati imene maepiskopi a AMECEA adailimbikitsa m'zaka za m'ma 1970, kapena kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, zonsezi mboni zake ndi zolembedwa zake zili m'maparishi mwathu momwemu. Inu monga mkhristu mwini wake, komanso mayi, mudzamva kumphakati zinthu zimene anthu sangazinene wansembe ali pomwepo, ndipo umenewu ndi mwayi umene wofufuza wa ku Roma alibe.

Musanalembere ku ofesi yolandira ophunzira, pezani kaye mphunzitsi amene angavomere kuyang'anira ntchito yanu, mumutumizire masamba awiri kapena atatu ofotokoza funso lanu ndi kumene mudzapeze umboni wake, ndipo mumufunse mosabisa kuti adzafuna muzionana maso ndi maso kangati pachaka, chifukwa ndalama za maulendo amenewo sizilembedwa pa chikalata cha fizi.