Ndalama ya pa foni sisenda anyezi

Mdzukulu wanga wa ku Area 25, amene amagulitsa mu shopu ina ku Old Town, anafika kwathu kuno ku Kawale Lamulungu lapitali nkhope ili ndwii. Msuweni wake anali ndi chinkhoswe ku Mitundu. Iye sanapite, koma anatumiza ndalama pa Mpamba, yochuluka ndithu. Tsopano azakhali ake sakumuyankha moni. "Agogo, ndalakwa chiyani? Si ndalama yangayo imene anagulira mpunga ndi mafuta?" Ndamva funso lomweli kwa ana ambiri a mu tauni muno, choncho ndikuyankha iwe, anzakonso amvere pomwepo.

Ndalamayo unachita bwino kutumiza, usadandaule nayo. Koma azakhali ako tsiku lija sankawerenga makwacha, ankawerenga nkhope. Akuchimuna atafika n'kukhala mbali yawo, maso awo anali pa mbali yathu: kodi mtsikanayu ali ndi anthu kumbuyo kwake? Mpando wako unali wopanda munthu, ndipo amene anafunsidwa kuti "nanga mwana wa achimwene anu uja ali kuti?" ndi azakhali akowo. Manyazi amenewo ndi amene akuwatseka pakamwa.

Inu ana a lero mumaona ngati chinkhoswe ndi perekaniperekani basi. Ayi. Paja pamene ankhoswe amapatsana nkhuku, akuchimuna tambala, akuchikazi msoti, n'kugawana chiwindi ndi nthutumba anthu akuona, amakhala akuuza mabanja awiri kuti m'nyumbamo mukadzabuka utsi, othamangira kwake ndi awa. Wosapezekapo sadziwa nkhoswe ya mbale wake, ndipo apabanja atsopanowo samudziwa iye. Mawa mudzakumana pa depoti, mudzalimbirana mpando mu minibasi ndi mlamu wako, mwinanso kutukwanizana. Zoopsa kuposa apo ndinazionapo: mnyamata kufunsira mtsikana ku Chinsapo, chibwenzi n'kufika patali, kenako n'kupezeka kuti agogo awo aakazi anayamwa bere limodzi. Apawo ndi mizu ya kachere, amakumana pansi, koma kuti udziwe muzu wako uyenera kumafika pamene mbumba yasonkhana.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti pa maliro simulephera. Uthenga ukangofika, abwana mumawauza, ya thiransipoti mumakongola, usiku womwewo muli pa siwa. Maliro n'kulirana, inde. Nanga bwanji munthu yemweyo akamasangalala ali moyo mumati ntchito yachuluka? Ine ndikuona kuti kumaliro kumakupititsani ndi mantha, kuopa kuti anu adzasowa okumba manda. Chikondwerero chilibe chokuopsezani, n'chifukwa chake wobwerako timamukumbukira nthawi yaitali.

Ndisadziyeretse. Ndili wamng'ono pa msinkhu wakowu, likulu litangosamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975, ndinkagulitsa mandasi kwa amisiri omanga. Mng'ono wanga anakwatiwa kumudzi, ine ndinati Loweruka ndiye tsiku la malonda, ndinangotumiza nsalu ndi mbale ziwiri. Sanandikalipire. Koma mpaka tsitsi lake linachita imvi, akamakamba za ukwati wake ankati, "achemwali anga kunalibe." Mandasi a tsiku limenelo sindikumbuka n'komwe kuti ndinagula nawo chiyani.

Pali mbali ina imene ife akuluakulu talakwa, ndipo ndimawauza anzanga ku Chigwirizano. Tazilemetsa zikondwererozi. Chitenje cha yunifolomu, msonkho wa komiti, bridal shower, chinkhoswe, kenako ukwati mu holo, zonse pa mwana mmodzi amene malipiro ake amatha lendi isanakwane. Ena mumathawa chifukwa mulibe choponya m'lichero, mukuopa kuti woyendetsa mwambo akaitana "a ku tauni" mudzaima manja lendelende. Ngati vuto ndi limenelo, mvera: sintha kandalama kako kakhale timapepala ting'onoting'ono, uvine nato kawiri, wakwanitsa. Yunifolomu ikakukanika, vala chitenje chimene uli nacho. Palibe anabwezedwapo pa chipata chifukwa cha nsalu.

Ndipo kupezeka kwenikweni si kutulukira 2 koloko masana utadzola, kujambulitsa, kudya n'kuthawira minibasi yomaliza. Fika dzulo lake. Ntchito ili kuseri kwa nyumba, kumene amayi akutsira chimera mu thobwa, ena akusosola nkhuku, anyamata akuwaza nkhuni ndi kukhoma tenti. Kumeneko utsi ukukulowa m'maso ndi kumene udzamve kuti uje ndi mwana wa yani, munda wa kudambo unasiyidwa m'manja mwa ndani, malume ako anasemphana chiyani ndi amfumu. Zimenezo pa gulu la WhatsApp salemba.

Zikachitikadi kuti kuntchito akukaniza, imba foni wekha masiku akadalipo, osati kutumiza kauthenga m'mawa wa tsikulo. Ukatero upite sabata yotsatira ndi shuga m'manja, ukakhale pa mkeka, akufotokozere zonse mmene zinayendera.

Kwa azakhali akowo usapepese pa foni. Loweruka likubwerali ukaweruka undipeze pa depoti, tikwere za ku Mitundu limodzi. Utenge chitenje chogwirira ntchito, ndamva kuti akukonola chimanga cha ukwati.