Zojambula za ku France ndi moyo wa anthu m'nthawi ya mafakitale

Mwafunsa ngati ojambula a ku France a m'zaka za m'ma 1800 anasintha chifukwa chongotopa ndi njira zakale, kapena chifukwa moyo wa anthu unali utasintha. Ine ndikuona kuti gwero lake linali moyo wa anthu, ndipo chithunzi cha oswa miyala chimene Gustave Courbet anajambula mu 1849 chikuonetsa zimenezi bwino. Patangotha chaka kuchokera pamene anthu ogwira ntchito anaukira boma ku Paris mu 1848, Courbet anatenga chinsalu chachikulu, cha mtundu umene ankajambulapo mafumu ndi nkhani za m'Baibulo, n'kujambulapo nkhalamba yogwada ikuswa miyala m'mphepete mwa msewu, pambali pake mnyamata wa malaya ong'ambika atanyamula dengu lolemera. Nkhope zawo sizioneka bwino, ndipo zimenezi zimandikhudza mtima, chifukwa umphawi wotere umayamba munthu ali mwana n'kumuperekeza mpaka ku ukalamba. Chithunzichi chinawonongeka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945.

Makina nawonso analowa m'zojambula. Mu 1877 Claude Monet anajambula siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare ku Paris kangapo, maso ake ali pa utsi ndi nthunzi pansi pa denga la galasi ndi zitsulo. Nayenso penti wa m'machubu, amene anayamba mu 1841, anathandiza ojambula kutuluka m'nyumba kukajambulira panja, kumene kunali sitima ndi makamu a anthu.